Nyerere za ku Horqueta

Adokotala a ku Concepción adalemba nambala papepala
n'kuizunguliza kawiri ndi cholembera chofiira.
Bambo anga, a Crispín, adapinda pepalalo
n'kulilowetsa m'chipewa, momwe amasunga malisiti a feteleza.
Madzulo omwewo amayi adachotsa shuga pathebulo.

Ine ndimagulitsa mankhwala m'tauni.
Loweruka ndidabwera ndi timapaketi tachikasu
ta zilembo zing'onozing'ono ngati nthanga za fodya.
Ndidati: kamodzi aka kakwana masupuni awiri.
Adang'amba, adathira mu kosido wawo wa m'mawa,
adamwa, adayang'ana malata kwa kanthawi.
Kakoma, mwana wanga, adatero,
koma kumapeto kwake ngati ndanyambita kiyi wa njinga.

Kuseri kwa khola la nkhumba ali ndi mizere makumi atatu
ya ka'a he'ẽ, tsamba lomwe a m'masitolo amati sitiviya.
Zaka khumi ndi chimodzi akhala akulithyola,
kuliyanika pa lona,
kuligulitsa kwa a Eleuterio a lole yobiriwira,
osaliponyapo m'kapu yawo ngakhale kamodzi.
Adapita osavala nsapato,
adabwera ndi masamba atatu ouma, n'kuwafikisira m'ketulo.
Ndidalawa nawo.
Kutsekemera kudachedwa kufika
ngati basi ya ku Pedro Juan nthawi ya dzinja,
kutafika kudakana kutsanzika,
kudasiya kakuwawa kumbuyo kwa lilime.

Tidakangana mpaka nkhuku zidakwera mumtengo wa manachesi.
Changa chidayesedwa, ndidatero,
muyeso wake ndi umodzi lero ndi mawa, ndipo n'chotchipa.
Changa ndimachidziwa chikadali ku nazale, adayankha.
Fodyanso amamera m'munda, bambo.
Nanga chakocho chidamera kuti?
Ndidatembenuza kapaketi kuti ndiwawerengere,
lilime langa lidapunthwa pa dzina loyamba lomwe.
Amayi adaseka ali kukhitchini,
sadanene kuti akuseka yani.

Mwezi wa Julaye, kukuzizira, kusitolo kudafika katoni yatsopano:
timapaketi tobiriwira, pamwamba atajambula tsamba.
Ndidalizindikira msanga, mano ake a m'mphepete aja.
M'kati munali ufa woyera ngati mchere,
wosakanizidwa ndi zina zoti uchuluke m'supuni,
ndipo mtengo wa kabokosi kamodzi
ndidachita manyazi kuutchula kunyumba.
Bambo adakhuthulira ufawo m'chikhatho chawo chong'aluka.
Adaunyambita pang'ono.
Tsamba langa lidakwera lole ya Eleuterio, adatero,
labwerako litavala malaya oyera,
silikundidziwanso.

Tsopano pathebulo pali botolo la masamba
ndi mbale ya timapaketi, zoyandikana,
ngati apongozi awiri pa benchi ya kuchipatala.
Kunyumba amamwa tsamba.
Paulendo amatenga tachikasu, poti tsamba limanyenyeka m'thumba.
Nambala ija yatsikako.
Ine ndimati ndi mapiritsi ndi kuyenda wapansi kumunda,
iwo amati ndi mizere makumi atatu ija,
adokotala amangoti pitirizani, chepetsaninso chinangwa.

Dzulo ndidawapeza atakhala chete pakhonde,
maso ali pansi.
Mzere wa nyerere udachokera pa mng'alu wa simenti,
udakwera mwendo wa thebulo,
udalambalala botolo la masamba,
udadutsa mbale ya timapaketi osaima n'komwe,
udatsikira mbali inayo, kulunjika kuchipinda,
ku kabati ya makina osokera a amayi,
yachiwiri kuchokera pansi, pomwe amati muli ulusi wokhawokha.

Sadadzuke.
Adangoulondola ndi maso mpaka pachitseko,
n'kukweza kapu yawo yozizira kale,
nati: izi zokha ndiye sitidathe kuzinamiza.